Kodi Tiyi Amapha Tizilombo ta Chimfine?

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu. Itsike pang'onopang'ono.)

MUULUTSI: Lero moni wapadera upite kwa inu a ku Mlare ndi midzi yozungulira, a ku Lupembe, a ku Ngara mpaka ku Nyungwe. Moni kwa inu asodzi amene mwangokocheza kumene ndi usipa wa usiku, ndi inu amayi amene mbaula yayaka kale ndipo ketulo ili pamoto. Ino ndi nthawi yathu ya zaumoyo, ndipo lero tikamba za tiyi ndi matenda a chimfine.

Karonga amadziwika ndi kutentha, koma ife okhala kuno tikudziwa kuti ikafika miyezi ya June ndi July, mwera ukayamba kuwomba panyanja, m'mawa mumazizira ndithu. Ndiyo nthawi imene kutchalitchi abusa akulalikira, kumbuyo anthu ali kulandizana chifuwa. M'minibasi yochokera ku boma kupita ku Chilumba mawindo amakhala otseka, wina akayetsemula basi tonse tagawana. Kusukulu ana mamina ali chuchuchu. Ndipo pakhomo paliponse malangizo ndi amodzi: imwani tiyi wotentha, mupeza bwino.

Chiyambire mliri wa Covid-19, malangizowa anakula mphamvu. Mu 2020 pa WhatsApp panafala uthenga wonena kuti dokotala wa ku China, Li Wenliang, amene anachenjeza anzake za matendawa koyambirira, anasiya mawu akuti tiyi amachiza korona. Uthengawo unali wabodza, dokotalayo sananenepo zotero. Koma unafika kutali, ndipo mu January 2021, pamene maliro anachuluka m'dziko muno mpaka nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, kumwalira tsiku limodzi, anthu anagwira chilichonse chimene anamva kuti chingathandize. Mandimu ndi jinja zinakwera mtengo, masamba a bulugamu anathotholedwa. Munthu wamantha sitimuseka. Tonse tinali ndi mantha nthawi imeneyo.

Tsono funso ndi ili: kodi m'tiyi mulidi mphamvu yolimbana ndi tizilombo toyambitsa chimfine, fuluwenza ndi Covid-19? Ndikuyankheni poyambirira pomwe, kuti amene muzimitse wailesi msanga mukhale mutamva. Mphamvuyo ilimo, akatswiri anaiona ndi maso m'malabotale. Koma umboni wakuti munthu womwa tiyi amatetezeka ku matendawa ndi wochepa, ndipo umboni wakuti tiyi amachiza munthu amene wadwala kale palibe. Khalani nane kuti timvetsetse chifukwa chake zinthu ziwirizi zili zoona nthawi imodzi.

Tiyambe ndi tiyi amene tikunenayo. Kuno kwathu madzi otentha alionse amene tathiramo masamba timawatcha tiyi, kaya ndi chidede, kaya ndi masamba a mandimu. Kafukufuku amene ndikufotokozereni sakunena za zimenezo. Akunena za chitsamba chimodzi chokha, chimene akatswiri amachitcha Camellia sinensis, chija chimabiriwira m'mapiri a ku Thyolo ndi Mulanje, ku Kawalazi m'boma la Nkhata Bay, komanso kutsidya kwa Songwe cha ku Tukuyu m'dziko la Tanzania. Mbewu zake zinafika koyamba ku mishoni ya Blantyre mu 1878, ndipo pofika 1891 Henry Brown anali atadzala tiyi ku Mulanje. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene anayamba kulima tiyi wamalonda mu Africa muno.

Tsamba lake likangothyoledwa limakhala ndi timadzi tina tachilengedwe totchedwa makatekini. Champhamvu kwambiri mwa timeneti amachitchula mwachidule kuti EGCG. Tsambalo akaliwotcha ndi nthunzi kapena kulikazinga msanga lisanasinthe mtundu, pamatuluka tiyi wobiriwira, amene amamwedwa kwambiri ku Japan ndi ku China. Kuno kwathu esiteti ya Satemwa ku Thyolo imapanga wotere. Koma akalinyenya n'kulisiya kuti mpweya ulilowe mpaka lide, pamatuluka tiyi wakuda, uyu timagula m'magolosale pa Mlare m'timapaketi. Pakudako makatekini ambiri amasanduka zinthu zina zotchedwa matheaflavini, zimene zimapatsa tiyi mtundu wofiirira uja. Mukamwa tiyi wamasamba ambiri wopanda shuga, mumamva kakuwawa kena koumitsa lilime. Zimene zikukuumitsani lilimezo ndi zomwezi, chifukwa khalidwe lake ndi lokakamira pa mapuloteni alionse amene zakumana nawo, ngakhale a m'malovu anu.

Kukakamirako ndiye mutu wa nkhani yonse. Kachilombo ka fuluwenza n'kakang'ono kwambiri moti ngakhale makina oonera tizilombo ta malungo kuchipatala sangakaonetse. Pakokha sikangaswane. Kamayenera kulowa m'maselo a m'mphuno, pakhosi kapena m'mapapo mwa munthu, n'kuwasandutsa malo oswanirana. Kuti kalowe, kali ndi timinga kunja kwake timene kamakolera pa selo. Ganizirani njere za chisoso, mmene zimakakamirira pa chitenje mukadutsa m'munda. Mutazipaka phala njerezo, timinga take tonse n'kumatika, sizingakolenso pa nsalu. Ndi zimene EGCG ndi matheaflavini amachita: amamata timinga ta kachilombo, tizilombo n'kuunjikana pamodzi, n'kulephera kugwira selo.

Izi si zongoganizira. Mu 1993 akatswiri a ku Japan otsogozedwa ndi Nakayama anasakaniza tizilombo ta fuluwenza ndi timadzi ta m'tiyi timeneti, n'kuthira pa maselo osungidwa m'labotale, ndipo anapeza kuti tizilomboto talephera kulowa. Mu 2005 akatswiri a ku South Korea anapezanso zofanana. Covid-19 itabwera, a pa yunivesite ya zachipatala ya Kyoto Prefectural anasakaniza kachilombo ka korona ndi malovu a munthu, n'kuthiramo tiyi wakuda ndi wobiriwira, ndipo m'kanthawi kosapitirira mphindi imodzi mphamvu ya kachilomboko inatsika kwambiri. Mu 2024 a pa University of Georgia ku America anayesanso m'malovu momwemo, napeza kuti tiyi wakuda anafooketsa pafupifupi tizilombo tonse m'masekondi 10 okha.

Munthu ukamva zimenezi mtima umadumpha. Tiyi yemweyu wa ku Thyolo, wotsika mtengo, wopezeka pagolosale iliyonse! Koma tamvetsetsani kumene zonsezi zinachitikira. Zinachitikira m'kabotolo kagalasi, mmene kachilombo ndi tiyi anaikidwa pamodzi maso ndi maso, popanda kothawira. M'thupi la munthu sizikhala choncho.

Mukameza tiyi, amadutsa m'kamwa ndi kum'mero n'kutsikira m'mimba. Salowa m'mphuno, salowa m'mapapo, komwe tizilombo tambiri timakhala. Pakhosi amangodutsa kamphindi kochepa. Tizilombo timene talowa kale m'kati mwa maselo tiyi satifikira, ndipo mukangomaliza kapu yanu, maselo aja amapitiriza kutulutsa tatsopano miyandamiyanda. Mwina muganiza kuti timadzi tija tikalowa m'magazi tikafika m'mapapo. Vuto ndi lakuti matumbo athu amayamwa gawo laling'ono chabe la EGCG, matheaflavini ndiye pang'ono kwambiri, ndipo zimene zalowazo thupi limazisintha n'kuzitulutsa m'maola ochepa. Mlingo umene umafika m'magazi ndi wotsika kutali poyerekeza ndi umene amathira m'kabotolo muja.

(Nyimbo yaifupi.)

MUULUTSI: Mukumvera pulogalamu ya zaumoyo, ndipo lero tikufunsa ngati tiyi amapha tizilombo ta chimfine. Tamva za m'labotale. Tsopano timve za anthu enieni.

Kafukufuku wambiri wa pa anthu anachitikira ku Japan, makamaka m'chigawo cha Shizuoka chimene chimalima tiyi wobiriwira wochuluka. Kumeneko ana amaphunzitsidwa kuchukucha m'kamwa ndi kukhosi akabwera koyenda, ndiye kunali kosavuta kuyesa kuchukucha ndi tiyi.

Mu 2006, Hiroshi Yamada ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa pa okalamba 124 okhala m'nyumba yosamalira nkhalamba. Mwa 76 amene ankachukucha ndi madzi okhala ndi makatekini katatu patsiku, mmodzi yekha anadwala fuluwenza. Mwa 48 amene ankachukucha ndi madzi opanda makatekini, anadwala 5. Zolimbikitsa ndithu. Komabe anthuwo anali ochepa, sanagawidwe mwamaere, ndiponso onsewo anali atabayidwa kale katemera wa fuluwenza. Tiyi anabwera pamwamba pa katemera, sanalowe m'malo mwake.

Mu 2011 panatuluka kafukufuku wina wa pa anthu 197 ogwira ntchito zosamalira odwala ndi okalamba. Awa sanamwe tiyi wa m'kapu, anamwa makapisozi okhala ndi makatekini okwana mamiligalamu 378 patsiku kwa miyezi isanu, ndipo theka lina linamwa makapisozi opanda kanthu. Amene anaonetsa zizindikiro za fuluwenza anali 4 mbali ya makatekini, 13 mbali inayo. Koma atawerenga okhawo amene makina anatsimikiza kuti ndi fuluwenzadi, anapezeka 1 ndi 5, kusiyana kochepa koti kukhoza kungochitika mwangozi. Chaka chomwecho, kafukufuku wa pa ana asukulu oposa 2,000 mumzinda wa Kikugawa anaonetsa kuti ana omwa kapu imodzi mpaka zisanu za tiyi wobiriwira patsiku ankadwala fuluwenza mocheperapo. Koma uyu anali kafukufuku wongofunsa mafunso, ndipo n'kutheka kuti mabanja omwa tiyi ndi omwenso amasamala kusamba m'manja ndi kugona mokwanira.

Mayeso akulu anabwera mu 2014. Ophunzira akusekondale 757 anagawidwa mwamaere, ena azichukucha ndi tiyi wobiriwira, ena ndi madzi wamba, katatu patsiku kwa masiku 90. Mbali ya tiyi anadwala fuluwenza 19, mbali ya madzi 25. Akatswiriwo anavomereza okha kuti kusiyanaku sikukukwanira kunena kuti tiyi waposa madzi. Ndipo dziwani kuti madzi enieniwo si achabe: mu 2005 a pa Kyoto University anapeza kuti anthu ochukucha kukhosi ndi madzi wamba katatu patsiku ankadwala chimfine mocheperapo kusiyana ndi osachukucha.

Mukaika zonsezi pamodzi, chimene chikuoneka ndi kachithandizo kakang'ono kotheka pa kupewa, makamaka ndi tiyi wobiriwira, mwa anthu a ku Japan. Ndinenenso poyera kuti ena mwa makafukufukuwa anathandizidwa ndi makampani ogulitsa tiyi. Sindikuti ananama, koma ndi bwino kuti anthu ena opanda malonda m'nkhaniyi abwereze mayesowo tisanamange chikhulupiriro.

Ife a ku Karonga phunziro limeneli si lachilendo, chifukwa tinalionera pakhomo pomwe. Pa Chilumba pali malo a kafukufuku wa zaumoyo amene anayamba mu 1979 ndi ntchito yofufuza khate, amene ambiri mpaka lero amangowatcha a Lepra, ngakhale tsopano ndi a MEIRU. Pakati pa 2013 ndi 2016, midzi ya cha ku Chilumba pamodzi ndi ina ya ku Chikwawa inatenga nawo mbali pa kafukufuku wa mbaula zamakono zochepetsa utsi. Ena mwa inu mukuzikumbukira, zija zinali ndi kachipupizira mphepo m'kati ndi kasola kotchajira. Ganizo lake linali lomveka bwino: utsi wa nkhuni umawononga mapapo a ana, mbaula izi poziyesa zinkatulutsa utsi wochepa kwambiri, ndiye ana a m'nyumba zophikira mbaulazi azidwala chibayo mocheperapo. Ana oposa 10,000 anatsatiridwa kwa zaka ziwiri. Zotsatira zitatuluka, chibayo sichinatsike. Utsi unalipobe wochokera kwa oyandikana nawo, kotentha zinyalala, ndi pamafuwa pamene amayi ankabwererapo mbaula ikawonongeka kapena mphika ukakula.

Palibe amene ananamiza anthu pamenepa. Chinthu chimene chinagwira ntchito poyesa chinakumana ndi moyo weniweni wa m'mudzi, n'kupezeka kuti pachokha sichikwanira. Ine ndimanyadira kuti dziko lonse linaphunzira zimenezi kuchokera kwa amayi a kuno kwathu amene analola kuti ana awo awerengedwe. Ndiye ife ndife oyenera kukhala oyamba kufunsa, wina akatiuza kuti chakuti chimapha kachilombo: chinapha kuti, m'kabotolo kapena mwa munthu? Anthu angati? Anayerekeza ndi ndani?

Pali chinanso chokhudza mmene timamwera tiyi kuno. Ambiri tikapeza kangachepe timakonda wamkaka, ndipo m'tiyirumu wamkaka ndiye wapamwamba. Akatswiri a ku Kyoto aja anabwereza mayeso awo mu 2023 atathira mkaka m'tiyi wakuda, ndipo mphamvu ija yofooketsa kachilombo ka korona inazimirira. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Tanena kuti timadzi ta m'tiyi timakakamira pa mapuloteni, ndipo mkaka ndi wodzaza mapuloteni. Timadzi tija timamatirira pa mkaka tisanakumane n'komwe ndi kachilombo. Sindikuti musiye mkaka, mkaka ndi chakudya chabwino chomanga thupi. Ndikungoti amene akumwa tiyi wamkaka poganiza kuti akupha tizilombo pakhosi, ngakhale umboni wa m'labotale suli kumbali yake.

(Nyimbo yaifupi.)

MUULUTSI: Tsono kodi wodwala chimfine asiye kumwa tiyi? Ayi, amwe. Pali zabwino zenizeni zimene kapu ya tiyi wofunda imachita. Mu 2008 akatswiri ofufuza za chimfine pa Cardiff University ku Britain anapatsa odwala 30 chakumwa chotentha, ndipo odwalawo anamva kupepukidwa pa zilonda zapakhosi, kutsokomola, kuyetsemula ndi kuzizidwa, kuposa pamene chakumwa chomwecho chinali chosatenthetsa. Chakumwacho sichinali n'komwe tiyi, chinali cha zipatso. Kufunda kumachititsa kuti malovu ndi timadzi ta pakhosi tituluke, pakhosi n'kufewa. Wodwala amene thupi latentha amataya madzi ambiri, ndipo tiyi amabwezeretsa madziwo. Kuonjezera apo, madzi a tiyi ndi owiritsa, chinthu chofunika kwa ife a m'mbali mwa nyanja amene kolera timaidziwa. Mukathiramo ndimu, jinja kapena uchi, palibe choletsa kwa munthu wamkulu. Chimfine wamba chimatha chokha pakadutsa sabata imodzi kapena masiku khumi, ndipo amene amachigonjetsa ndi chitetezo cha m'thupi mwanu. Tiyi amangokuthandizani kupirira masikuwo.

Koma pali zinthu zimene ndikufuna tisinthe, ndipo choyamba ndi kutentha. Ambiri timakhulupirira kuti tiyi akhale wowotcha kuti akaphe tizilombo pakhosi. Kutentha kumene kungaphe kachilombo kamene kali m'kati mwa maselo anu kungayambe kwapsereza maselowo. Mu 2016 bungwe lofufuza za khansa la pansi pa WHO linalengeza kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikuoneka kuti zimayambitsa khansa ya kum'mero. Nkhani imeneyi ndi yathu, chifukwa Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Kafukufuku amene anachitika muno m'Malawi ndi ku Tanzania, wofalitsidwa mu 2022, anapeza kuti anthu okonda kumwa tiyi kapena phala lotentha kwambiri chiopsezo chawo chinali pafupifupi kawiri poyerekeza ndi anzawo. Amene munaonapo mbale wanu akulephera kumeza nsima, kenako phala, kenako ngakhale madzi, mukudziwa kuwawa kwa nthenda imeneyi. Tiyi akachoka pamoto, muthireni m'kapu, mudikire mphindi zisanu kapena kuposerapo. Ngati mukuchita kupemerera ndi kumwa mofyontha chifukwa milomo ikupsa, sanafike pomwa.

Chachiwiri ndi magazi. Khalidwe lija lokakamira limagwiranso ayironi wa m'zakudya monga nyemba, nandolo ndi masamba, n'kumuletsa kulowa m'thupi. Madokotala a ku South Africa anatsimikiza zimenezi kalekale mu 1975. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 63 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali ochepa magazi, ndipo amayi anali 33 mwa 100. Kuno kunyanja malungo ndi likodzo zimatichotsera kale magazi. Choncho mayi woyembekezera asamwere tiyi mapiritsi a ayironi amene walandira kusikelo, amwere madzi. Tiyi abwere patadutsa ola limodzi kapena awiri chidyereni chakudya chachikulu. Ndiponso woyembekezera asachulutse makapu, chifukwa m'tiyi muli kafeini yemwe uja wa m'khofi.

Mayi wina wa ku Ngara anatumiza funso lakuti, mwana wa miyezi inayi akamatsokomola, kodi angam'patse tiyi wofunda pasipuni? Mayi, musatero chonde. Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi chakudya chake, madzi ake ndi chitetezo chake ndi bere basi. Muyamwitseni pafupipafupi kuposa masiku onse. Mu mkaka wanu muli asilikali olimbana ndi tizilombo amene tiyi alibe. Uchinso musam'patse mwana wosakwana chaka. Ngakhale ana okulirapo, a zaka ziwiri kapena zitatu, chizolowezi chowapatsa tiyi wa shuga ndi kachidutswa ka chinangwa m'mawa chimawadzaza m'mimba popanda chomanga thupi. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena usipa wosinja liwachitira zambiri kuposa tiyi.

Bambo wina wa pa Mlare pomwepa anafunsa za makapisozi ndi ufa wa tiyi wobiriwira umene anthu ena amayenda nawo m'zikwama, akuti umakweza chitetezo. Bambo, ndalama yanuyo gulirani ana mazira ndi zipatso. Mu 2018 bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya linachenjeza kuti kumwa EGCG wa m'makapisozi wofika mamiligalamu 800 patsiku kukhoza kuvulaza chiwindi. Tiyi wa m'kapu alibe vuto limeneli, koma zoumbidwa m'makapisozi mlingo wake ndi wina. Makamaka inu amene mukumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, chiwindi chanu chili kale pa ntchito yaikulu; musaonjezere chilichonse musanafunse adokotala.

Za kufukiza nthunzi mutafunda bulangete ndingonena mwachidule. Nthunzi siipha kachilombo kamene kali m'thupi, koma madzi owira akatayikira mwana, chilonda chake n'cha moyo wonse. Ana musawafukize.

Kwa inu eni matiyirumu ndi inu amene mumaphika tiyi pamaliro ndi pamisonkhano ya mpingo, kapu imene wamwera wachimfine ikangoviikidwa m'beseni la madzi omwewo amene atsukira makapu makumi awiri, n'kupatsidwa kwa wina, tiyi wa m'katimo sangam'teteze. Tsukani ndi sopo, tsukuluzani ndi madzi oyera otentha, ndipo tsegulani mawindo kuti mpweya uziyenda. Wotsokomola atsokomolere m'kati mwa chigongono. Kusamba m'manja ndi sopo kuli ndi umboni wochuluka kuposa makafukufuku onse a tiyi amene ndatchula lero.

(Nyimbo yaifupi, yodekha.)

MUULUTSI: Ndafika pa gawo limene landichititsa kukonza pulogalamu ino. Chimene chimandidetsa nkhawa si tiyi ayi, koma masiku amene amatayika pakhomo tikuyembekezera kuti tiyi, mandimu ndi jinja zigwire ntchito, pamene mwana akulowa m'chibayo. Chibayo ndi imodzi mwa nthenda zimene zimapha ana aang'ono kwambiri m'dziko muno, ndipo kawirikawiri chimayamba ngati chimfine wamba. Kachilombo ka chimfine kamatsegula njira, tizilombo tina ta mtundu wa mabakiteriya n'kutsikira m'mapapo. Apo mpamene mankhwala akuchipatala amapulumutsa moyo, ngati mwana wafika msanga.

Pali njira yodziwira imene mayi, bambo kapena agogo aliyense angaigwiritse ntchito. Mwana akakhala phee, osalira, m'vuleni malaya, muyang'ane pamimba ndi pachifuwa, muwerenge kuti akupuma kangati pa mphindi imodzi yathunthu. Foni yanu ili ndi wotchi. Khanda losakwana miyezi iwiri likapuma ka 60 kapena kuposa, ndi mofulumira. Mwana wa miyezi iwiri mpaka 11, malire ndi ka 50. Wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, malire ndi ka 40. Ndibwereze: 60, 50, 40. Yang'ananinso m'munsi mwa nthiti. Ngati pakulowa m'kati mwana akamakoka mpweya, ndi chizindikiro choopsa. Mwana akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akafooka moti simungathe kum'dzutsa bwinobwino, musadikire kuti kuche. Pezani wa kabaza kapena wa njinga yamoto, thamangani naye kuchipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo akaona kuti mwana akufunika mpweya wa okosijeni adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha boma ku Karonga. Kumbukiraninso kuti kuno kutentha thupi kulikonse kwa mwana kuyenera kuyezedwa malungo tsiku lomwelo. Alangizi a zaumoyo a m'midzi mwathu anaphunzitsidwa kuwerenga kapumidwe ka mwana ndi kuyeza malungo, agwiritseni ntchito.

Kwa akuluakulu, chifuwa chikafika masabata awiri, makamaka ngati mukutuluka thukuta usiku, mukuonda kapena makhololo ali ndi magazi, kayezetseni TB. Kuyeza ndi mankhwala ake ndi zaulere m'zipatala za boma. Okalamba, odwala shuga, a kuthamanga kwa magazi, a mphumu ndi amene ali ndi HIV, mukamva phuma kapena kupweteka pachifuwa musazengereze. Ndipo chonde tisiye kugula amoxicillin ndi Bactrim pagolosale chifukwa cha chimfine. Mankhwala amenewa sagwira tizilombo ta chimfine, ndipo kuwamwa mwachisawawa kumalimbitsa mabakiteriya, moti tsiku limene mwana adzawafunedi adzapezeka kuti sakugwiranso ntchito.

Chitetezo chimene chinayesedwa pa anthu ambirimbiri n'kupezeka kuti chimagwira, tili nacho kale kusikelo. Mu November 2011, ana a m'Malawi anayamba kulandira katemera wa chibayo wa PCV13 ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Katemera wa chikuku amatetezanso ku chibayo chimene chimatsatira chikuku. Katemera wa Covid-19 anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu March 2021. Zonsezi n'zaulere.

Amayi ndi abambo a ku Mlare, tiyi wanu imwani, wofunda bwino osati wowotcha, motalikirana ndi chakudya, ndipo makanda musawapatse. Madzulo ano tengani buku la kusikelo la mwana wanu muone ngati katemera yense analandira. Ngati pali amene anaphonya, pitani naye sabata ino. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli mwana amene akutsokomola, muwerengeni kapumidwe kake lero lomwe. Mafunso anu pitirizani kutumiza, tidzayankha sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.

(Nyimbo yotsekera.)